Kuchoka pansi pa mtengo kupita pa yadi: zolemba za ntchito yotsegula malo ogulitsira magalimoto ku Blantyre

Lolemba, 5 Febuluwale 2024

Dzulo madzulo tinagwirizana ndi alamu anga kuti za pansi pa mtengo zithe. Kwa zaka 6 ndakhala ndikugulitsa magalimoto m'mphepete mwa msewu ku Limbe, lero Vitz ya uyu, mawa Sienta ya uyo, ine n'kudyapo kanga ka pamwamba. Ntchito imeneyi yandiphunzitsira ana ndipo sindiinyoza. Koma chaka chatha bungwe lina linkafuna ma Probox atatu oyendera kumudzi. Magalimotowo ndinawapeza, abwino, mtengo wakenso wabwino. Mayi wa ku ofesi yogula katundu anandifunsa zinthu zinayi: satifiketi ya bizinesi, TPIN (nambala ya wolipira msonkho ku MRA), tax clearance (kalata ya MRA yonena kuti za msonkho wako zili bwino), ndi akaunti ya kubanki ya dzina la bizinesi. Ndinalibe ngakhale chimodzi. Oda inapita kwa munthu wina amene mtengo wake unali wokwera kuposa wanga, ndipo mpaka lero zimandiwawabe.

Alamu anga anapuma pantchito mu Disembala ndipo alandira ndalama zawo. Iwo abweretsa mpamba wambiri, ine ndabweretsa wochepa pamodzi ndi maso odziwa galimoto. Achemwali anga, omwe ndi akazi awo, avomera kutisungira mabuku.

Poyamba alamu ankaganiza kuti pali pepala limodzi lotchedwa laisensi ya dila, ukalipira basi wayamba. Ndawafotokozera kuti zitseko zake ndi zingapo ndipo chilichonse chimafuna kuona pepala la chitseko chinzake. Pali kwa Registrar General kolembetsa bizinesi, pali ku MRA, pali ku khonsolo ya mzinda, pali ku Road Traffic, ndipo galimoto iliyonse payokha imadutsanso kupolisi. Ndizilemba muno momwe tikuyendera, kuti achemwali azikhala ndi poyang'ana, komanso kuti anzanga a pansi pa mtengo amene akuganiza zomwezi aone njira yake.

Lachiwiri, 13 Febuluwale

Sabata yonse yapita pa funso limodzi: tilembetse dzina la bizinesi chabe kapena kampani? Kulembetsa dzina, motsatira lamulo la Business Registration Act la 2012, n'kosavuta ndipo n'kotsika mtengo. Kampani imalembetsedwa pansi pa Companies Act ya 2013, imafuna mapepala ambiri, ndipo chaka chilichonse umayenera kupereka malipoti. Alamu ankafuna chosavutacho.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi achemwali. Anafunsa kuti, "Magalimotowo mu blue book azilembedwa dzina la ndani?" Tinayang'anana. Anapitiriza: "Akalembedwa dzina la achimwene, iwo n'kumwalira mawa, abale a kuchikazi kwawo adzati ndi chuma chamasiye cha ana awo. Akalembedwa dzina la bambo a kunyumba kuno, akwawo adzateronso. Ine maliro olimbirana makiyi a galimoto ndawaona, sindikufuna ena." Palibe anayankha. Kampani ndi munthu payokha pamaso pa lamulo, imatha kukhala ndi katundu m'dzina lake, ndipo gawo la aliyense limalembedwa. Tasankha kampani, alamu magawo 60 pa 100, ine 40.

Tapempha kudzera pa intaneti, pa MBRS, tsamba la boma lolembetsera mabizinesi. Dzina loyamba limene tinalikonda linapezeka kuti likufanana kwambiri ndi la kampani ina, ndiye tatenga lachiwiri. Anafuna ziphaso zaunzika za tonse awiri, keyala ya ofesi, ndi kufotokoza ntchito imene kampani izichita. Pamenepo ndinaumirira kuti tilembe zonse: kuitanitsa magalimoto kunja, kugula ndi kugulitsa ogwiritsidwa kale ntchito muno, ndi kugulitsira ena pa komishoni. Sindikufuna tsiku lina kubanki adzatiuze kuti zimene tikuchita sizili pa pepala lathu.

Lachisanu, 23 Febuluwale

Satifiketi ya kampani yatuluka. TPIN ya kampani nayonso tili nayo, ndipo achemwali alowa kale pa Msonkho Online n'kuyamba kuzolowera. Anandichenjeza chinthu chimene sindinkachiganizira: ukangokhala ndi TPIN ya kampani, MRA imayembekezera malipoti pa nthawi yake ngakhale usanagulitse tayala limodzi. Tax clearance imene inandimanitsa oda ija imaperekedwa kwa amene mabuku ake ali bwino, choncho tiyamba kusunga malisiti kuyambira lero, ngakhale a simenti ya mpanda.

Za VAT takambirana nthawi yaitali. Galimoto ndi katundu wa ndalama zambiri, ukagulitsa ochepa chabe wadutsa kale mlingo umene lamulo limati ulembetse. Chaka chino cha 2024 VAT ili pa 16.5 peresenti, ndipo wolembetsa akuyenera kupereka lisiti ya EFD, makina otulutsa malisiti a msonkho ovomerezedwa ndi MRA. Alamu anadandaula kuti mtengo wathu udzaoneka wokwera poyerekeza ndi wa anyamata a m'mphepete mwa msewu. N'zoona, ndipo ine ndikudziwa bwino chifukwa ndinali komweko. Koma wolembetsa amachotserapo VAT imene analipira pa boda, ndipo mabungwe ndi makampani amene tikuwafunawo amafuna lisiti yeniyeniyo.

Lero nduna ya zachuma, a Simplex Chithyola Banda, imawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo. Ndinamvetsera pa wailesi ndili mu mzere wa kubanki. Wogulitsa magalimoto aliyense amatchera khutu nthawi imeneyi, chifukwa chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo ndipo misonkho ya pa boda ikasintha imapeza galimoto yako ili panyanja.

Lachitatu, 6 Malichi

Malo tawapeza, m'mbali mwa msewu wa Zalewa, kufupi ndi Kameza. Ndi poloti ya madala ena amene anamanga nyumba kumbuyo n'kusiya bwalo lalikulu kutsogolo. Magalimoto 12 akhoza kukwana osapanikizana. Oyenda kupita ku Lilongwe, ku Mwanza ndi ku bwalo la ndege la Chileka onse amadutsa chapafupi.

Tinali titatsala pang'ono kulipira lendi ya miyezi 6 pamene ndinaganiza zoyamba ndapita ku Civic Centre, ku maofesi a khonsolo, kukafunsa za laisensi. Safunsa anadya phula. Bambo amene anandithandiza anandifunsa nambala ya poloti, n'kundiuza kuti laisensi ya khonsolo imaperekedwa poyang'ana malo amene bizinesiyo ichitikire, ndipo malo olembedwa kuti ndi okhalapo anthu sungangowasandutsa msika wa magalimoto. Pamafunika chilolezo chosintha ntchito ya malowo kuchokera ku nthambi yoona mapulani a mzinda, ndipo wopempha ndi mwini poloti.

Ndinabwerera kwa madala aja. Poyamba anakana. "Mwana wanga, ndikasintha pepala ndiye kuti msonkho wa khonsolo undikwerera. Inu mukadzachoka ndidzatsala nawo ndekha." Nkhawa yawo inali yomveka. Tinakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, ndipo tinagwirizana kuti ndalama zopemphera chilolezo tilipira ife, chowonjezera pa msonkho wa malo tizilipira ife, ndipo pangano la lendi likhala la zaka 3, lolembedwa ndi kusainidwa pamaso pa loya. Alamu anaona ngati ndapereka zambiri. Ine ndikuona kuti mpanda, geti ndi miyala ya pabwalo zidya ndalama zoposa pamenepo, ndipo kuzimanga pa malo amene tsiku lina angatitsekere kukanakhala kutaya.

Jambulani m'maganizo mwanu magalimoto 10 ali m'kati, geti n'kumatidwa chidindo. Katundu wathu sanyamulika pamutu ngati kaunjika.

Lachinayi, 14 Malichi

Taitanitsa magalimoto atatu oyamba ku Japan: Sienta, Probox ndi Nissan Note. Ndinasankha amenewa chifukwa ndi amene amayenda msanga. Sienta amaifuna a mataxi, Probox amaifuna a mashopu ndi mabungwe, Note amaikonda ogwira ntchito m'maofesi chifukwa simwa mafuta ambiri.

Tinkafuna asanu. Mpamba umene alamu anawerengera chaka chatha unali wa nthawi imene dola inali pafupifupi K1,180. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700, ndipo magalimoto awiri anasungunukira pamenepo. Kupeza dolayo nakonso ndi ntchito payokha, dziko lonse likudziwa. Anzanga ena andiuza njira zachidule zotumizira ndalama kunja. Takana. Tatumiza kudzera kubanki, kuchokera mu akaunti ya kampani, pa invoice ya dzina la kampani, ndipo tadikira masiku amene anatiuza kuti tidikire. Chifukwa chake n'chakuti pa boda adzafuna kuona kuti mtengo umene tikunena ndi umene tinalipiradi, ndipo pepala la kubanki ndi mboni imene sitsutsika.

Posankha ndinayang'anitsitsa chaka. Msonkho wa galimoto yakale umatengera kukula kwa injini ndi zaka zake, ndipo malire amene aliyense pa ntchito ino amawadziwa ndi zaka 8 ndi zaka 12. Galimoto yotchipa ku Japan chifukwa cha ukalamba imadzakulipiritsa pa boda ya Songwe. Ndinapempha wogulitsa kuti anditumizire chithunzi cha export certificate ya iliyonse, ndione mwezi ndi chaka chimene inalembetsedwa koyamba, komanso chithunzi cha nambala ya chasisi pa chitsulo penipeni. Manambala atatuwo achemwali awalemba pa tsamba loyamba la buku latsopano lachikuto cholimba. Buku limenelo ndiye kaundula wa yadi.

Loweruka, 23 Malichi

Lero tasemphana mawu ndi alamu koyamba, ndipo ndilemba zonse chifukwa nkhani yake ndi imene inandichotsa pansi pa mtengo.

Amisiri akumanga mpanda, kunabwera mnyamata wovala bwino ndi Honda Freed yasiliva. Anati wamva kuti pano patsegulidwa yadi, ndipo akufuna ndalama msanga chifukwa mayi ake ali m'chipatala. Galimotoyo inali yosamalika. Ndinaimvetsera injini, ndinayang'ana pansi, ndinaiyendetsa mpaka pa Lunzu n'kubwerera. Inalibe vuto. Mtengo umene ananena unali wotsika moti tikanaigulitsa sabata yomweyo n'kupeza phindu lokwanira kumalizira mpanda ndi geti.

Ndinapempha blue book. Anatulutsa fotokope. Dzina linali la mayi wina. Anati ndi azakhali ake, ali ku Johannesburg, anamusiyira kuti agulitse, ndipo anandionetsa kalata yolembedwa pamanja. Kenaka ndinaona pa mzere wa title holder kuti palembedwa dzina lina, la bungwe lobwereketsa ndalama. Blue book ya kuno imasiyanitsa anthu awiri: owner, amene amaigwiritsa ntchito ndi kuisunga, ndi title holder, amene ali ndi mphamvu yoti igulitsidwe kapena ayi. Galimoto yogulidwa pa ngongole, wobwereketsayo amakhala title holder mpaka ngongole ithe. Mnyamatayo anati ngongoleyo inatha kalekale, kungoti sanasinthitse.

Mwina ankanena zoona. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, bweretsani blue book yeniyeni, kalata ya bungweli yonena kuti ngongole inatha, ndipo azakhali anuwo kapena munthu amene anamupatsa mphamvu mwalamulo tipite naye ku Road Traffic. Zikatero ndalama mulandira tsiku lomwelo." Anati nthawi alibe, ndipo anatsitsanso mtengo. Pamene anatsitsa kachiwiri m'pamene mtima wanga unatsekeka.

Atachoka, alamu anakwiya. "Alamu, zaka zonsezi mwakhala mukugulitsa magalimoto a kalata ya pamanja. Lero ndalama zanga zalowa ndiye mwasanduka wapolisi?" Sindinawabisire. Ndinawauza kuti n'zoona, ambiri ndagulitsa choncho, ndipo ambiriwo sanabweretse vuto. Koma ndinawauzanso za mphunzitsi wina wa ku Thyolo amene ndinamugulitsa Passo mu 2021. Anasunga ndalama zaka zitatu. Patapita miyezi 5 galimotoyo inalandidwa chifukwa mwini wake woyamba anali ataipereka chikole kwina. Amene anandipatsa kuti ndigulitse anali atasintha nambala ya foni. Mphunzitsiyo anandipeza pansi pa mtengo paja, sanatukwane, anangondifunsa kuti, "Ndiye ndipite kwa ndani?" Ndinamubwezera komishoni yanga, imene inali kachigawo kakang'ono ka zimene anataya. Nkhope yake ndimaionabe.

Wa pansi pa mtengo akhoza kusamukira mtengo wina. Ife tikumanga geti, tilemba dzina pa chikwangwani, ndipo dzinalo lili kwa Registrar General pamodzi ndi ziphaso zathu. Wogula akalandidwa galimoto adzabwera pano, akhoza kupita ku CFTC, bungwe loteteza ogula, kapena kukhoti, ndipo galimoto ikapezeka kuti ndi yakuba, wosunga katundu wakuba ndi ife. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Achemwali anawonjezera chinthu chimene ine sindinkachidziwa. Ku ofesi ya Registrar General kuli kaundula wa katundu woperekedwa chikole, wokhazikitsidwa ndi Personal Property Security Act ya 2013, ndipo munthu akhoza kufufuzamo pa intaneti asanagule galimoto. Chikole china sichioneka mu blue book koma chimapezeka mmenemo. Tagwirizana kuti galimoto iliyonse yogula muno izidutsa pamenepo. Alamu avomera, ngakhale anapita kunyumba osatsanzika bwino.

Lachiwiri, 9 Epulo

Chilolezo cha malo chili m'njira, mapulani a mpanda ndi kaofesi tinapereka. Oyendera anabwera Lachisanu. Anayang'ana polowera ndi potulukira magalimoto, kuti tisamatsekereze msewu waukulu, anafunsa za chimbudzi cha antchito ndi makasitomala, za zozimitsira moto, ndi kumene madzi otsukira magalimoto azipita. La madzili sitinaliganizire. Akanamatsikira kwa aneba a kumunsi. Takumba dzenje lothira miyala.

Ku Road Traffic ku Ginnery Corner talembetsa kampani mu MalTIS, kaundula wawo wa pakompyuta wa magalimoto ndi eni ake. Munthu payekha amakhala ndi traffic register card yake, ndipo kampani nayo imayenera kudziwika mmenemo, pamodzi ndi munthu woiyimira amene zala zake zimajambulidwa. Woyimira ndine. Panja madobadoba anandizungulira monga mwa nthawi zonse, ena ndi anzanga akale. Ndinawapatsa moni n'kulowa ndekha, chifukwa ndikufuna kudziwa tebulo lililonse ndi maso anga.

Alamu anabwera m'mawa ndi zitumbuwa za amisiri. Za Freed ija sanazitchulenso.

Lolemba, 29 Epulo

Ndalemba izi ndili ku Karonga. Sitima inafika ku Dar es Salaam pakati pa mwezi, ndipo madalaivala atatu anatulutsa magalimoto pa doko ndi nambala za IT, zosakhalitsa za galimoto yongodutsa m'dziko. Njira yake ndi yodziwika: Chalinze, Morogoro, kudutsa m'nkhalango ya Mikumi, Iringa, Makambako, kukhota pa Uyole, kutsika ku Tukuyu mpaka Kasumulu, n'kuwoloka mlatho wa Songwe. Ndinakwera basi ya usiku kuti ndikawachingamire ndekha.

Probox ndi Note zinadutsa bwino. Ejenti wotikonzera mapepala a pa boda anawalowetsa mu ASYCUDA, kompyuta ya MRA ya za kasitomu, msonkho unawerengedwa, tinalipira kubanki m'dzina la kampani, ndipo ofisala anabwera kudzaona nambala ya chasisi pa galimoto. Sienta ndiyo inatigoneka masiku atatu. Polemba, ejenti wathu anasinthanitsa manambala awiri a kumapeto kwa chasisi. Pa chitsulo ndi pa export certificate pali china, pa deklaleshoni pali china. Ndinazindikira ndine, nditatenga kaundula wa achemwali n'kuwerenga nambala imodziimodzi ndi chala. Ejentiyo anati ndisadandaule, n'zazing'ono, tidutse tikakonzere ku Blantyre. Ndinakana. Nambala imene ilembedwe pa CCC, satifiketi ya MRA yonena kuti galimoto yadutsa pa kasitomu mwalamulo, ndi imene Road Traffic ndi apolisi adzaiyerekeze ndi chitsulo, ndipo ikasiyana ndiye kuti papepala uli ndi galimoto ina, pabwalo ina. Anapempha kuti deklaleshoni ikonzedwe, tinadikira, ndipo yakonzedwa lero masana.

Masiku atatuwo adya ndalama za malo ogona ndi chakudya cha dalaivala, zimene achemwali azilemba pa mtengo wa Sienta. Ndaphunzirapo kuti ejenti asanatumize chilichonse ndizimupempha andionetse kaye. Ndafunsanso za bonded warehouse, kumene madila akuluakulu amasunga magalimoto osalipira msonkho mpaka wogula apezeke. MRA ndiyo imapereka chilolezo chake ndipo pamafunika chikole chachikulu. Kwa ife ndi za m'tsogolo.

Mawa tinyamuka mbandakucha kuti chikweza cha Chiweta tichidutse kusanatenthe.

Lachisanu, 10 Meyi

Atatu onse ali pa yadi. Sabata ino yapita ndi kuyenda nawo mmodzimmodzi. Kupolisi, ku nthambi ya Interpol, anayang'ana chasisi ndi nambala ya injini n'kutsimikiza kuti sanabedwe kwina. Anatikumbutsa kuti tikadzayamba kutenga magalimoto ku South Africa kapena maiko ena oyandikana nawo, pazikhala satifiketi ya SARPCCO, yotsimikiza kuti galimoto si yakuba, yochokera kupolisi ya dziko limene galimoto yachokera. Kenaka Road Traffic: CCC, pepala la apolisi, kuyezetsa kuti ipeze COF (satifiketi yoti ndi yoyenera kuyenda pamsewu), inshuwalansi, n'kulandira nambala. Onse alembedwa m'dzina la kampani.

Madila ena amagulitsa galimoto ikadali yopanda nambala, n'kumupatsa wogula mapepala a pa boda kuti akathamange yekha. Zimapulumutsa ndalama ndi nthawi. Ife tasankha kumaliza tokha, chifukwa vuto lililonse lobisika limaonekera pa kulembetsa, ndipo ndi bwino lioneke galimoto ikadali yathu.

Inshuwalansi tatenga ya motor trade. Imateteza magalimoto ali pa yadi komanso pamene kasitomala akuyesa pamsewu. Lamulo la pa geti talilemba pa khoma la kaofesi: woyesa galimoto aonetse laisensi yake, mmodzi wa ife akwere naye, ndipo galimoto yopanda nambala kapena COF situluka.

Laisensi ya khonsolo yatuluka Lachitatu. Alamu anaiyika mu felemu n'kuipachika okha.

Lachinayi, 23 Meyi

Sienta yagulidwa. Wogula ndi bambo wa ku Chirimba amene akufuna kuiyika pa msewu wa Blantyre kupita ku Mwanza. Ndinamuuza kuti yonyamula anthu olipira imafuna nambala yofiira, permit yake, ndi inshuwalansi yogwirizana ndi ntchitoyo, ndipo zimenezo azichita yekha galimoto ikakhala m'dzina lake.

Atatumiza ndalama mu akaunti ya kampani, anatambasula dzanja kufuna makiyi. Anati zosintha dzina tidzachita mwezi wamawa, panopa akufuna ikayambe kubweza ndalama. Ndinamumvetsa, tsiku limodzi la Sienta pamsewu ndi ndalama. Koma ndinamuuza kuti, "Bambo, ikachoka pano ili m'dzina lathu, ikagunda munthu pa Zalewa apolisi abwera kuno. Inunso mukafuna kuigulitsa kapena kukongolera ndalama mudzayenera kutisaka ife. Tiyeni tipite limodzi mawa m'mawa." Anang'ung'udza, koma amene anamunyengerera ndi alamu. Ndinawamva akumuuza kuti, "Pano galimoto imatuluka ndi dzina la mwini wake, achimwene. Pirirani tsiku limodzi." Ndinali m'kaofesi ndipo sindinatuluke, ndinangomvetsera.

Tinapita Lachitatu. Ine ndinaika chala ngati woyimira kampani yogulitsa, iye anaika chake ngati wogula. Pofika 3 koloko masana zinali zitatheka. Achemwali anamupatsa lisiti ya EFD ndi pangano la malonda la masamba awiri, limene limanena makilomita amene galimoto yayenda, kuti matayala akumbuyo atsala pang'ono kutha, ndi kuti galasi lakutsogolo lili ndi kamng'alu kumunsi. Anadabwa kuti talemba zolakwika za katundu wathu yemwe. Ndinamuuza kuti ndi bwino azione pa pepala lero kusiyana n'kukaziona yekha ku Mwanza.

Phindu lake ndi lochepa kuposa limene alamu ankayembekezera, chifukwa cha masiku atatu a ku Songwe ndi VAT. Mu kaundula, mzere wa Sienta ndi woyamba kudzaza mpaka kumapeto: chasisi, tsiku lochoka ku Japan, nambala ya CCC, pepala la apolisi, nambala ya galimoto, wogula, tsiku losintha dzina.

Lachisanu, 31 Meyi

Probox ili ndi oifuna awiri. Mmodzi ndi bungwe, ndipo latipempha kotesheni pamodzi ndi zinthu zinayi zija. Zitatu tapereka lero. Tax clearance achemwali apempha Lolemba, tikudikira.

Note sinapeze munthu. Ndikuganiza kuti mtundu wake wofiirira ndi umene ukuchedwetsa, ogula ambiri kuno amafuna yoyera kapena yasiliva. Tiipatsa milungu itatu tisanatsitse mtengo.

Anzanga awiri a ku Limbe abwera kudzapempha kuti aziika magalimoto awo pano pa komishoni. Ndawauza kuti malo alipo, koma galimoto iliyonse ilowe ndi blue book yeniyeni, mwini wake ndimuone kapena ndilankhule naye, tifufuze za chikole, ndipo asaine kalata yotilola kugulitsa. Mmodzi wavomera ndipo abweretsa Demio Lolemba. Winayo anati aganize kaye.

Zotsala mwezi wa Juni: lipoti loyamba la VAT, mlonda wachiwiri wa usiku, magetsi a sola pa ngodya ziwiri za kumbuyo, ndi kupempha dola ya magalimoto awiri otsatira. Alamu akufuna Hiace. Ndawauza kuti tiyambe tawerengera msonkho wake ndi ejenti tisanalonjeze chilichonse ku Japan, ndipo tikumana Lachiwiri m'mawa.